Kodi Galu Adye Nyama Kapena Nsima?

Nkhani imene Mlangizi wa Zaulimi anakamba pa wailesi kwa alimi ndi mafumu

 Kawirikawiri timakamba za chimanga, za mtedza, za ng'ombe ndi nkhuku. Lero ndifuna tikambe za chiweto chimene chipezeka m'mudzi uliwonse, koma chimene timachiiwala tikamawerenga ziweto zathu. Chiweto chimenechi ndi galu.

Pali mkangano wakale pa za chakudya chake. Ena amati galu ndi mbale wa fisi ndi mkango, chakudya chake ndi nyama, ndipo popeza nyama imasowa ngakhale ya ana athu, galu adzionere yekha kutchire ndi kudzala. Ena amati galu ali ngati nkhumba, amadya chilichonse, tsono nkhoko za mumphika ndi mkute zimkwanira. Onse awiri agwira mbali ina ya zoona, koma onse awiri amasiya galu ali ndi njala. Zoona zake ndi izi: galu anachokera ku mtundu wa zilombo zodya nyama, koma pokhala ndi anthu zaka zikwi zambiri thupi lake linasintha, kotero kuti lero amakhala bwino akamadya zonse ziwiri pamodzi, za nyama ndi zakumunda. Ndiyesa kukuonetsani umo tidziwira zimenezi, ndi chimene tiyenera kuchita pakhomo pathu.

Kumene galu anachokera

Kholo la galu ndi mmbulu wa kumaiko ozizira a ku Ulaya ndi ku Asia, umene Azungu amautcha wolf. Musausokoneze ndi mmbulu wathu wamawanga wa m'nkhalango, pakuti uwo ndi mtundu wina. Mmbulu wa kumaiko ozizira umasaka m'magulu, umapha nyama zazikulu, umadya kwambiri pa nthawi imodzi, ndipo ukhoza kukhala masiku angapo osadyanso. Khalidwe lomeza msangamsanga limene muona mwa galu wanu linachokera kumeneko.

Galu ndiye chiweto choyamba cha munthu. Anayamba kukhala ndi anthu mbuzi ndi ng'ombe zisanawetedwe, munthu asanalime munda. M'chaka cha 1914 anthu okumba miyala pamalo otchedwa Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anapeza manda a mwamuna ndi mkazi, ndipo m'menemo munali mafupa a galu. Mandawo ndi a zaka pafupifupi 14,000 zapitazo.

Akatswiri a zamoyo amaika galu m'gulu limene amalitcha Carnivora, ndiko kuti zodya nyama. M'gulu lomwelo muli mkango, kambuku, fisi, mphaka ndi nkhandwe. Koma dzina la gulu likunena za ubale chabe, monga umo mfunda unenera za ubale wa anthu. Ku China kuli chimbalangondo chotchedwa panda chimene chili m'gulu lomweli, koma chakudya chake ndi nsungwi. Ndipo inu alenje mudziwa kuti nkhandwe imagwira mbewa ndi akalulu, komanso imatola masuku ndi zipatso zina zakugwa. Tsono dzina lokha silingatiuze chakudya cha galu. Tiyenera kuyang'ana thupi lake.

M'kamwa ndi m'mimba

Galu wamkulu ali ndi mano 42, munthu 32, mphaka 30. Kutsogolo galu ali ndi mano anayi aatali osongoka ogwirira nyama. Chakumbuyo kuli mano akuthwa amene amapitana ngati sizasi, odulira mnofu ndi mitsempha. Nsagwada yake imangopita m'mwamba ndi pansi, siipita cham'mbali monga ichitira ya ng'ombe ikamabzikula. Zonsezi ndi zizindikiro za chilombo chodya nyama. Koma kumbuyo kwenikweni galu ali ndi mano ena aphwatalala ophwanyira zinthu zolimba, ndipo mano otere mphaka alibe.

M'mimba namonso galu ali pakati. Ng'ombe ndi mbuzi zili ndi mimba ya zigawo zinayi ndi matumbo aatali kwambiri, chifukwa udzu umatenga nthawi kuti ugayike. Galu ali ndi mimba imodzi ndi matumbo aafupi, ngakhale kuti poyerekeza ndi thupi lake ndi aatali kuposa a mphaka. Chifukwa chake galu sangakhale ndi moyo pa udzu kapena masamba aawisi. Mukamuona akudya udzu musaganize kuti wakhuta nawo.

Tsopano tifike pa chinthu chachikulu. M'chimanga, m'mapira, mu mpunga, m'chinangwa ndi mu mbatata muli chakudya chopatsa mphamvu chotchedwa sitachi. Kuti sitachi alowe m'magazi, thupi liyenera kumuphwanya kuti asanduke shuga, ndipo chimene chimagwira ntchito imeneyi ndi madzi ena ogayira chakudya otchedwa amylase. Ife anthu tili nawo m'malovu momwe, ndiye chifukwa chake mukatafuna nsima nthawi yaitali imayamba kuzuna. M'malovu a galu mulibe okwanira, koma amapangidwa m'kachiwalo kena kamene kali pafupi ndi mimba, kotchedwa pancreas, ndipo amathiridwa m'matumbo.

M'chaka cha 2013 katswiri wina dzina lake Erik Axelsson ndi anzake a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden anayerekeza agalu ndi mimbulu. Anayang'ana timalangizo ta chibadwa timene mwana amatengera kwa makolo ake, makamaka timene timauza thupi kupanga amylase. Anapeza kuti mmbulu uli ndi timalangizo tiwiri tokha, pamene agalu ali nato kuyambira 4 kufikira 30. Ganizirani mabanja awiri: lina lili ndi mitondo iwiri, lina lili ndi mitondo khumi ndi anthu osinja okwanira. La mitondo khumi lidzakonola chimanga chambiri dzuwa lisanalowe. Momwemonso galu amagaya nsima imene mmbulu ungavutike nayo.

Kafukufuku wotsatira anaonetsanso kuti kusinthaku kunayenda pamodzi ndi khasu. Agalu a kumaiko kumene anthu akhala akulima mbewu kuyambira kale ali ndi timalangizo tambiri. Galu wakutchire wa ku Australia wotchedwa dingo, ndi agalu okoka katundu pa chipale kumaiko ozizira a kumpoto, amene amadyetsedwa nsomba ndi nyama, ali ndi tochepa. Motero tinganene kuti mlimi ndiye anaphunzitsa mimba ya galu kudya zakumunda, pomponyera zotsala mibadwomibadwo.

Kuti mumvetse bwino, yerekezani galu ndi mphaka. Mphaka ndiye wodya nyama weniweni. Pali zinthu zina zofunika pa maso ndi pa mtima zimene thupi la mphaka silingathe kupanga lokha, ayenera kuzipeza mu nyama, apo ayi amachita khungu ndi kudwala mtima. Thupi la galu limatha kudzipangira zambiri mwa zimenezi. Galu akadya dzungu kapena mbatata yofiira mkati, thupi lake limasandutsa chikasu chija kukhala vitamini A, chinthu chimene mphaka sangachite. Mphaka samva n'kuzuna komwe pa lilime lake, pamene galu amamva, ndipo n'chifukwa chake mumampeza pansi pa mtengo wa mango kapena wa papaya.

Nsima yokha siikwana

Pamenepa wina anganene kuti, "Basi, a Mlangizi avomereza, nsima imkwanira galu." Dikirani pang'ono. Kugaya nsima ndi nkhani ina, kukhala ndi thanzi pa nsima yokha ndi nkhani inanso.

Thupi limamangidwa ndi chakudya chotchedwa mapuloteni, chimene chimapezeka chambiri mu nyama, nsomba, mazira, mkaka, nyemba, soya ndi mtedza. Opanga zakudya za agalu ku America amatsata muyeso wakuti pa magawo 100 a chakudya chouma, magawo osachepera 18 akhale mapuloteni kwa galu wamkulu, ndipo oposa 22 kwa ana agalu ndi galu woyamwitsa. M'chimanga muli magawo pafupifupi 9 okha pa 100, ndiye kuti theka la muyeso uja, ndiponso mapuloteni a m'chimanga ndi operewera zina zofunika. Galu wodya nsima yokha mimba imadzaza, koma minofu imatha, ubweya umathothoka, zilonda sizipola msanga, ndipo wamkazi amabala ana ofooka.

Pali nthenda ina imene imadza ndi chimanga. M'zaka za m'ma 1920, dotolo wa Boma la America dzina lake Joseph Goldberger anadyetsa agalu chakudya chonga chimene ankadya anthu osauka a kumwera kwa dzikolo, chimene mbali yake yaikulu inali ufa wa chimanga. Agaluwo anadwala: zilonda m'kamwa, dovu losatha, fungo loipa, kutsekula m'mimba, ndipo lilime linkada. Nthendayi anthu ankaitcha black tongue, ndiko kuti lilime lakuda, ndipo ndi yofanana ndi nthenda ya anthu yotchedwa pellagra. M'chaka cha 1937 Conrad Elvehjem wa pa yunivesite ya Wisconsin anachiritsa agalu odwala chotero ndi vitamini wina amene anamupeza m'chiwindi, amene lero atchedwa niacin. M'chimanga vitamini ameneyu alimo, koma ndi womangika kotero kuti thupi silimutenga bwino.

Nthenda imeneyi si ya kutali. M'chaka cha 1990 anthu pafupifupi 18,000 mwa amene anathawa nkhondo ku Mozambique nadzakhala kumwera kwa Malawi anadwala pellagra, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira, natsala akudalira ufa. Khungu linkada ndi kusuwa m'khosi ndi m'manja, pamene pamaomba dzuwa. Phunziro lake ndi limodzi kwa munthu ndi kwa galu: nsima imafuna ndiwo.

Mafupa nawonso amafuna zake. M'chaka cha 1919 dotolo wa ku England, Edward Mellanby, anaonetsa kuti ana agalu oleredwa pa phala amakula ndi miyendo yopindika ndi mafupa ofewa, ndipo anawachiritsa ndi mafuta a chiwindi cha nsomba. Mukaona kagalu ka matewe ndi mimba yotupa, yambani mwafunsa chimene kakudya.

Koma musaganize kuti mnofu wokha ndiwo mankhwala. Mu mnofu muli mchere wolimbitsa mafupa, wotchedwa kashiamu, wochepa kwambiri, ndipo kagalu koleredwa pa mnofu wokha nakonso kamafewa mafupa. Mmbulu ukapha nyama umadya zonse, chiwindi, chikopa ndi mafupa omwe. Apa tili ndi mwayi, pakuti usipa, matemba ndi kapenta zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo mitu yake imene amayi amataya pokonza ndiwo ndi chakudya chabwino ndithu cha galu.

Kadyetsedwe koyenera

Sindikuuzani kuti mulande nyama m'mbale ya ana ndi kupatsa galu. Zimene zifunika zambiri muli nazo kale.

Poyamba, chakudya cha ufa chikhale chophika bwino, chifukwa moto ndiwo umafewetsa sitachi kuti agayike. Mgaiwa uposa ufa woyera, pakuti pokonola timachotsa mtima wa chimanga m'mene muli mafuta ndi mavitamini. Madeya ophika akhoza kuthandiza, koma asakhale okhaokha.

Chachiwiri, ikanimo chomanga thupi tsiku ndi tsiku. Mukayesa pa sikelo, magawo atatu a mgaiwa ndi gawo limodzi la nsomba zouma afika pa muyeso uja ndatchula. Ngati nsomba palibe, ikani magawo awiri a mgaiwa ndi gawo limodzi la soya. Soya ndi nyemba zikhale zokazinga kapena zophika mpaka kupsa, chifukwa zaziwisi zimavuta m'mimba. Nsinjiro pang'ono, dzira lophika, mkaka wosasa, msuzi wa nyama ndi zam'kati zophika, zonsezi n'zabwino. Makoko a mazira mukawawiritsa, kuwaumitsa ndi kuwasinja, kaufa kake kamalimbitsa mafupa. Onjezani dzungu kapena nkhwani zotsala.

Chachitatu, galu wamkulu adye kamodzi kapena kawiri pa tsiku, pa nthawi yodziwika ndi pa mbale yakeyake, yosiyana ndi za anthu. Ana agalu adye katatu kapena kanayi. Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63, ndipo poyamwitsa amafuna chakudya chochuluka kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse, makamaka m'chilimwe. Kuti mudziwe ngati akukhuta, sisitani m'nthiti mwake. Nthiti zizimveka m'manja, koma ngati mutha kuziwerenga ndi maso muli patali, galuyo ali ndi njala.

Zimene galu sayenera kudya

Pakuti galu amadya zambiri, ena amayesa kuti palibe chimene chingamuphe. Si choncho ayi. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi ake, tsono ndiwo za anyezi wambiri musampatse. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka nabaya matumbo. Chitsononkho akachimeza chimatseka matumbo. Nsomba zothira mchere wambiri muyambe mwaziviika m'madzi.

Chimanga ndi mtedza za chuku n'zoopsa koposa. Mu chuku china muli poizoni amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. M'chaka cha 2011 agalu oposa 200 anafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa atadya chakudya chogula chimene munali poizoni ameneyu. Chimanga chovunda chimene mwasankha pansi pa nkhokwe chitenthedwe kapena chikwiriridwe, chisapite kwa galu, kwa nkhuku kapena kwa munthu.

Tsopano mverani bwino inu oweta mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe. Popha chiweto nthawi zina mumapeza timatumba ta madzi pa chiwindi, pa mapapo kapena mu ubongo, ndipo mwambo wa ambiri ndi kudula pamenepo ndi kuponyera galu. M'timatumba timeneti muli ana a njoka zam'mimba. Galu akadya zaziwisi, njokazo zimakulira m'matumbo mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi nagwera pa udzu, ndipo ziweto zanu zimawadya pa msipu. Mbuzi imene imangozungulira malo amodzi mutu uli cham'mbali kawirikawiri imakhala ndi kathumba kotere mu ubongo. Mtundu wina wa njokazi umalowanso mwa anthu, makamaka ana osewera ndi agalu osasamba m'manja, ndipo umatupitsa chiwindi. Choncho nyama ya timatumba itenthedwe kapena ikwiriridwe mozama. Zam'kati zabwino ziphikidwe musanapatse galu, ndipo funsani mlangizi wa ziweto za mankhwala a njoka zam'mimba.

Mawu kwa mafumu ndi anyakwawa

Pali chikhulupiriro chakuti galu wanjala ndiye waukali, ndiye amalonda bwino ndi kusaka bwino. Koma taganizani, galu wanjala usiku amakhala kuti? Amakhala kudzala, kumsika, kapena m'khola la nkhuku la mnansi wanu. Nthawi imeneyo pakhomo pa mwini wake palibe mlonda, ndipo nguluwe zili m'munda. Milandu ya nkhuku, ya mazira ndi ya ana a mbuzi imene imafika pa bwalo panu, yambiri imayambira pa galu wosadyetsedwa.

Choopsa chachikulu ndi chiwewe. Galu woyendayenda amakumana ndi agalu achilendo ndi ankhandwe, amalumana nawo, nabwera ndi nthenda m'mudzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro zake, kuchira kulibe. Koma agalu 7 mwa 10 aliwonse akabayidwa katemera chaka ndi chaka, nthendayi imaleka kufala. Apa ndi pamene chakudya chimathandizira, pakuti galu wodyetsedwa pakhomo amadziwa mwini wake, amabwera akaitanidwa, ndipo mwana amatha kupita naye kokabayitsa. Galu wodzidyetsa yekha sagwirika tsiku la katemera.

Ndanena kuti kuperewera kwa chakudya kumatulutsa dovu, koma chiwewe nachonso chimatero. Galu wotuluka dovu musam'pise dzanja m'kamwa. Mutsekereni, ndipo itanani a zaziweto. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono ndikupemphani, mafumu athu, kuti mukambe zimenezi pa msonkhano wa mudzi. Banja lililonse liwete agalu amene lingathe kuwadyetsa, pakuti galu mmodzi wokhuta aposa asanu anjala, ndipo akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pa malo ophera mbuzi ndi ng'ombe pakhale dzenje lokwiriramo zotaya. Tsiku la katemera likalengezedwa, uthenga ufike pa khomo lililonse.

Wina akakufunsani ngati galu adye nyama kapena nsima, mumuuze kuti adye monga adyera mwini wake: nsima yophika bwino, ndiwo yomanga thupi pambali, ndi madzi akumwa. Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa. Amene ali ndi mafunso akaonane ndi mlangizi wa m'dera lawo.